Mowa wa Masiku Awiri

Lamulungu lililonse, asanamange mpango wopita nawo kutchalitchi, Felicia ankatsuka manja ndi phulusa n'kuyamba kununkhiza chala chimodzichimodzi. Ankasaka fungo la chimera. Amayi ake anali mfuluzi wa mowa wodziwika kuyambira ku Naperi mpaka ku Limbe, kumene amuna anali kuyala njanji yatsopano, ndipo iye anakulira m'mbali mwa mbiya. Koma tsopano anali mkazi wa a Hilary, kalaliki wa pasitolo ya mzungu, komanso Mkhristu wodya mgonero. Kumpingo kwawo thobwa linali lololedwa, koma wofulula mowa ankadulidwa.

Amayiwo atamwalira, amalume ake, a Mwanakombo, anabwera ndi mawu ochepa.

"M'meto ndi Loweruka. Mwana wamkazi ndiwe wekha, mowa ufulule ndiwe."

Felicia sanakane. Anangochenjera. M'malo moyamba Lolemba anayamba Lachinayi. Phala anaphika bwinobwino, koma chimera cha mawere anathira theka, ndipo chachiwiri chija, chopatsa mowa ukali, sanathire n'komwe. Anati abale adzawauza kuti ndi mowa wofatsa, a mpingo adzawauza kuti ndi thobwa losasa.

Loweruka m'mawa anthu anametana pansi pa mtengo wa mbawa. Atatha, a Mwanakombo anatunga chipanda choyamba choti athirire malemu pansi. Anayamba alawa, monga mwa mwambo. Anausunga m'kamwa nthawi yaitali asanameze.

"Felicia, mbiya yake ndi imeneyi?"

"Ndi yomweyo, amalume."

"Si madzi otsukira mbiya awa?"

Amayi ena anabisa pakamwa ndi nsalu. A Dauda, kapitawo wa panjanji amene ankamwa kwa malemu, anapukuta ndevu.

"Wa amayi anu, mama, chipanda chimodzi munthu unkaiwala dzina la mkazi wako. Uwu ndamwa zitatu, koma ndikukumbukira ndi apongozi omwe."

Anthu anaseka, kenako anakumbukira kuti ali pamaliro. A Mwanakombo anabwezera mowa uja mumbiya.

"Mlongo wanga sindingamuthirire zimenezi. Angaganize kuti sanasiye mwana."

Sanakalipe. Felicia anakhala chogwada, mutu wometa kumene ukuwotchedwa ndi dzuwa, maso ali padothi louma pamene nsembe inayenera kugwera. Anthu anabalalika dzuwa lisanafike pamutu, popanda ngakhale nyimbo imodzi.

Masana mkulu wa mpingo anadzapepesa maliro. Anasuzumira mumbiya imene inali chidzazire.

"Thobwa silichita thovu chonchi, mayi. Tikaonane kubwalo la mpingo Lachitatu."

Atachoka, a Hilary anayankhula chapansipansi, akuyang'ana kumsewu.

"Nkhani yaing'ono iyi. Mukanene kuti linasasa lokha ndi kutenthaku. Ndani angatsutse? Palibe amene waledzera."

"N'zoona, palibe amene waledzera," anatero Felicia.

Mawuwo anamuwawa kuposa kuseka kwa anthu kuja. Manja akewa ankadziwa zonse: kufunda koyenera kwa phala, tsiku lowiritsanso, kulira kwa mbiya mowa ukapsa. Anaphunzitsidwa ndi mayi amene lero wagona ndi ludzu.

"Silinasase lokha, bambo. Ndinafulula mowa, ndipo ndinaufulula moipa. Mukawauze zimenezo Lachitatu."

"Inu mudzakhala muli kuti?"

"Kwathu ku Mpemba. Mbiya zazikulu za amayi zili komweko, ndikawafululira mowa weniweni."

"Akudulanitu."

"Andidule. Kalasi ya obwerera mumpingo ilipo. M'meto wa amayi sudzakhalaponso wina."

Anakhuthulira mowa uja kudzala, nkhuku n'kuthamangira masese. Analowa m'nyumba, nayala nsalu yake yakale pamphasa. Anaikapo malaya awiri, mthiko wautali ndi chimera chonse chimene anamana mbiya, namanga mfundo ziwiri zolimba. Phukusilo analiika pakhomo, natuma uthenga kwa amalume kuti asabwerere kumudzi okha.