Chipewa cha Dokotala Kefasi

Chimene chinatsekereza Imelda ku Mchinji chinali paipi imodzi yokha. Osati ya madzi ayi, koma ija amailowetsa pakati pa nthiti munthu akavulala, magazi kapena mpweya zikadzaza m'chifuwa n'kufinya mapapo.

Imelda anali dokotala kale, koma ankaphunzira ukatswiri wothandiza odwala mwakayakaya, ndipo sukulu yake inamutumiza kuchipatala cha kumalire kuno kuti akhwime. Zonse zimene komiti ya sukuluyo inkafuna anali atakwaniritsa. Chinatsala n'chimodzi: kulowetsa paipiyo mphunzitsi wake akuona ndi maso, n'kusainira kuti waonadi. Popanda sainiyo, komiti ikadzakhala kumapeto kwa mwezi idzamuuza kuti abwereze miyezi itatu. Chonsecho ku Blantyre kunali mwana wake Alinafe, amene anamusiya akukwawa pamene ankayamba maphunzirowa. Tsopano ankathamanga, ndipo azakhali ake ndiwo ankawaitana kuti amayi.

Sikuti ntchitoyo sankaidziwa. Anali ataichita kwa akabaza ogundidwa ndi malole, kwa mlimi wa ku Dambe wobayidwa ndi ng'ombe yake yomwe, ndi kwa ena oti mayina anawaiwala. Koma kwa komiti zonsezo zinali mvula yogwera kuthengo.

Mphunzitsi wake, Dokotala Kefasi, ankabwera kuchokera ku Lilongwe kamodzi pamwezi. Anali bambo wamtali, wa imvi mbuu, ndipo vuto linali imvi zomwezo. Ulendo woyamba wodwala anapezeka, koma achibale ataona imvi ndi jasi loyera anakanitsitsa. "Akuluakulu alipo, mwana agwirirenji mpeni?" Ulendo wachiwiri sikunabwere wachifuwa ngakhale mmodzi. Wachitatu uno ndiye unali womaliza.

Nzeru inachokera kwa Sisitala Rhoda, namwino wamkulu wa chipinda cha angozi, mayi wosaopa munthu.

"A dokotala, lero muvule jasilo. Tayinso muchotse. Mukhale pabenchi apo ngati gadiyani wodikira m'bale wake."

"Nanga imvizi ndizisiye m'galimoto?" anafunsa Dokotala Kefasi.

Rhoda anatuluka, nabwera ndi chipewa cha ulusi cha mlonda wa pageti, chonunkha utsi wa mbaula. Mkuluyo anachiyang'ana, nachivala mpaka m'makutu.

"Eya, tsopano mwafanana ndi munthu woti fodya wake wabwezedwa kumsika," anatero Rhoda.

Imelda anafuna kuseka koma thupi linakana. Maso ankamuwawa ngati alowa mchenga.

M'mawa wonse unatha choncho. Kunabwera mwana wamalungo, mayi wopsa ndi phala, mkulu wina wothyoka mwendo. Pakapezeka mpata, Imelda ankakhala pambali pa gadiyani wabodzayo n'kumayankha mafunso a pafomu younikira mmene ntchito ikuyendera.

"Akufunsa ngati mumagona mokwanira," anatero Dokotala Kefasi motsitsa mawu.

"Lembani kuti inde."

"Akufunsanso ngati mumapeza nthawi yocheza ndi banja lanu."

"Pafoni akuwerengera?"

"Sananene."

"Lembani kuti inde. Mukalemba ayi anditumizira fomu ina yofunsa chifukwa."

Mkuluyo analemba. Imelda anadzipeza akutchera khutu kumsewu, kudikira kulira kwa galimoto yothamanga, ndipo anachita manyazi. Dokotala wanji wolakalaka kuti wina athyoke nthiti lero, osati mawa?

Dzuwa litapendeka, kunalowa thirakitala ya pa esiteti ina ya ku Kachebere. M'ngolo yake munagona mwamuna wochepa thupi, dzina lake Goliati, tenanti wolima fodya. Mabelo anamugwera pamene ankapakira. Mkazi wake Esitele anali atamugoneka mutu pamiyendo, chitenje chili fumbi lokhalokha.

Imelda atamvetsera pachifuwa, kumanja kunali zii. Goliati ankapuma ngati munthu wokoka madzi ndi kaphesi. Imelda anayang'ana Rhoda, Rhoda anayang'ana kubenchi.

"Achibale nonse panja!" anakuwa Rhoda. "Kupatula mayiwa. Ndi inu achipewa, bwerani mutigwirire katani."

Dokotala Kefasi anabwera mwakachetechete, nagwira katani ngati munthu wosadziwa kanthu. Imelda anawerama pafupi ndi wodwalayo.

"Bambo, mapapo anu afinyika. Ndikubayani jekeseni wochititsa dzanzi, kenako nditsegula pang'ono apa n'kulowetsa paipi. Mupuma bwino. Mwamva?"

Goliati anagwedeza mutu kuvomera. Imelda anavala magolovesi, napukuta pakhungu, nawerenga nthiti ndi chala. Manja ake anali phee. Mumtima anaona Alinafe akuthamangira kugeti.

"Ndi pomwepo, pitirizani," anatero Dokotala Kefasi.

Anangolankhula mwachizolowezi, monga amachitira ndi ophunzira ake onse. Koma Esitele anatembenuka ngati walumidwa ndi nyerere. Anamuyang'anitsitsa wachipewayo, kenako anagwada pansi n'kuyamba kuomba m'manja.

"Mayo ine! Ndi inu, bambo! Mawuwo sindingawaiwale. Ku Lilongwe kuja, mwana wanga atamwa mankhwala opopera fodya, onse atataya mtima, si inu munamudzutsa? Bambo a Chisomo, taonani, Mulungu watitumizira dokotala uja!"

"Mayi, dzukani," anatero Dokotala Kefasi. "Dokotala wanu lero ndi awa."

"Ayi, bambo, musatitaye. Ife ndife alendo kuno, kwathu n'kutali. Akandifera bamboyu ndikanena chiyani kwa abale ake? Ndikati dokotala wamkulu analipo koma anagwira katani?"

"Manja anga akalamba, mayi. Awa amachita zimenezi tsiku ndi tsiku, amandiposa."

"Akuluakulu mumatero podzichepetsa," anayankha Esitele, misozi ili chuchuchu.

Rhoda anayesa ukali. "Mayi inu, kuno si kumsika kosankha tomato. Mukutichedwetsa!"

Koma Goliati anali atamva. Anatsitsa mkono n'kuphimba pamene Imelda anapukuta paja. Mawu ake anatuluka mmodzimmodzi.

"Bambowo... andichite... bambowo."

Imelda anaima, mpeni uli m'manja. Ankadziwa kuti atapatsidwa nthawi akanawanyengerera. Anali atanyengererapo ouma mitu kuposa awa. Koma milomo ya Goliati inali itayamba kutuwa, ndipo kamakina ka pachala kankalira motsikiratsikira. Nthawi yonyengererayo ikanachokera m'chifuwa cha mwini wakeyo. Komanso munthu wamkulu, wanzeru zake, akati ayi, sungamucheke mokakamiza.

Anaika mpeni m'mbale.

"Sisitala, apatseni magolovesi a dokotala."

"Imelda," anatero mkuluyo.

"Valani, a dokotala. Akutha uyu."

Imelda anazungulira kumutu kwa bedi, nakweza mkono wa Goliati n'kuugwira, ntchito imene amapatsa wophunzira wongofika kumene. Dokotala Kefasi anacheka, chipewa cha mlonda chili kumutu. Mpweya unatuluka kuti fyuu, magazi anatsikira m'botolo, madzi a m'botolomo n'kuyamba kubwata. Goliati anakoka mpweya wautali, nautulutsa, nakokanso. Esitele anayamba nyimbo ya kutchalitchi chapansipansi.

Atamaliza, awiriwo anakakhala mu kaofesi kosungiramo mafayilo. Dokotala Kefasi anatulutsa fomu yosainira za paipi ija, cholembera chili m'manja, osalemba.

"Pakamwa pangapa ndi pamene palakwa," anatero. "Ndikanangokhala chete."

"Akanakuzindikiranibe. Mumaima ngati dokotala."

"Ndikudziwa kuti mumatha. Ndaona mmene munapezera malo."

"Fomuyo ikufunsa zimene mukudziwa?"

"Ikufunsa ngati ndakuonani mukulowetsa."

Imelda sanapemphe kuti amunamizire, ndipo mkuluyo sanadzipereke. Onse ankadziwa kuti saini yabodza ikalowa kamodzi, mawa idzatulutsa dokotala woti sadziwa nthiti.

"Ndilembera komiti kalata yofotokoza zimene zachitika."

"Amawerenga makalata?"

"Amawasunga bwino kwambiri."

Apa ndiye Imelda anaseka, kuseka kouma kopanda mphamvu. Anamuperekeza mpaka pagalimoto. Pageti mkuluyo anatsitsa galasi n'kubweza chipewa kwa mwini wake.

Komiti inakhala, ndipo uthenga unafika pafoni Imelda akusoka bala la mwana wina. Unayamba ndi kumuyamikira chifukwa cha khama ndi kuika odwala patsogolo. Unatha ndi kumudziwitsa kuti apitiriza ku Mchinji miyezi ina itatu. Anauwerenga kamodzi, naika foni m'thumba, namaliza kusoka. Madzulo anaimbira ku Blantyre. Alinafe anakana kubwera pafoni, ankasewera.

Goliati anachira. Paipi ija anaichotsa ndi Imelda yemweyo, ndipo pamenepo panalibe anadandaula. Tsiku lotuluka, Esitele anamupeza pakhonde, nagwada, namasula kathumba ka mtedza wokazinga.

"Mwana wanga, mukawaona bambo aja mukawapatse aka. Inunso zikomo, munagwira bwino mkono. Mukamaonerera choncho, tsiku lina mudzadziwa."

"Zikomo, mayi. Ndiyesetsa," anatero Imelda, nalandira ndi manja awiri.

Atachoka, Rhoda anabwera n'kupisa dzanja m'kathumbako.

"Ndi wa a dokotala ameneyo," anatero Imelda.

"Akamadzabwera mwezi wamawa, mtedza ameneyu adzakhala atafumbwa. Idyani. Ndipo ulendo umenewo ndidzawamata pulasitala pakamwa."

Imelda anatapa pang'ono n'kukhala pabenchi pamene panakhala mkulu uja. Anatafuna pang'onopang'ono, atatsamira khoma, maso ali chotseka. Asanameze n'komwe, kugeti kunamveka hutala.