Khasu la Enifa

Kabawuti kachinayi kanagwera pansi. Andrew sanakatole. Anachotsa chivundikiro cha kompyuta, n'kuchigoneka chafufumimba pa benchi.

Panali patatha masiku anayi chiikire maliro a mkulu wake, Gideoni. Shopu ya magemu pa Nsaru inali chitsekere. Masana a Okotobala. Malata akuwotcha.

"Khadi la zithunzi ili anaitanitsa okha achimwene asanagonekedwe m'chipatala," anatero Andrew. "Ramu iyinso, yothandiza kompyuta kukumbukira. Ndangochedwa nazo."

Enifa, mkazi wa malemu, anaima pakhomo, duku lakuda kumutu. Dorcas, mlongo wamkulu wa Andrew ndi Gideoni, anakhala pa mpando wa osewera, chikwama pamiyendo.

Andrew anazula khadi lakale, n'kulowetsa latsopano. Khe! Ramu. Khe! Anayatsa. Mafani oziziritsa kompyuta anazungulira. Gemu ya mpira inatseguka, osewera akuthamanga bwinobwino.

"Yatheka, eti?" anafunsa Dorcas.

"Pang'ono, achemwali. Jonathan, wogula uja wa ku Lilongwe, akufuna ya liwiro. Ndiiovakiloka."

"Chimenecho n'chiyani, alamu?" Enifa analankhula koyamba.

"Kukankha purosesa, ubongo wake. Ithamange kupitirira mmene anaipangira."

"Ikatopa?"

"Siitopa. Imangotentha."

"Ikatentha?"

Andrew anakanda mutu wake wometa. "Nthawi zina imapsa. Osati kawirikawiri."

"Ndiye mwati wogula?"

Dorcas anakonza chitenje. "Alamu, tisabisane. Mawa akuluakulu akhala pansi kuti akusudzuleni. Ziwiya ndi mbuzi ndi zanu. Koma chinthu ichi mungachithe inu? Katundu wa mlongo wanga asawolere pano."

"Miyezi isanu ali chigonere, amatsegula shopu ino ndani? Inu?"

"Musandiyankhe choncho pa maliro."

"Ana anga adya chiyani ikapita ku tawuni? Adya chiyani ikapsa?"

Andrew anali atalowa kale pa tsamba la buluu la pa sikirini, lodzaza manambala. Anaima. Anayandikitsa nkhope.

"Zodabwitsa. Achimwene anaitsitsa liwiro. Dala. Purosesa yabwino ngati iyi, kuiyendetsa ngati ngolo!"

"Kwezatu," anatero Dorcas.

Anakweza nambala imodzi. Mafani anayamba kulira mokweza. Pakona pa sikirini, nambala ya kutentha inakwera. Inafiira. Chala cha Andrew chinali pa batani losungira zosinthazo. Thukuta linatsikira m'khosi.

Enifa sanathe kuyang'ana. Manja anafuna chochita. Anatola chivundikiro pa benchi, n'kuchitembenuza. Fumbi la Nsaru linali litakhuthala m'kati mwake. Anapukuta ndi nsonga ya chitenje. Kamodzi. Kawiri. Anasiya.

"Alamu."

"Dikirani kaye."

"Alamu, ndi zanu izi."

Andrew anacheuka. Pachitsulopo panali malemba a peni yakuda. Opendekera. A dzanja lonjenjemera. Anawerenga mokweza.

"Andrew, ndikudziwa udzatsegula muno. Khadilo uike. Koma usaikankhe. Kuno si ku tawuni, kumatentha. Ili ndi khasu la Enifa."



"Analemba liti zimenezi?" anafunsa Dorcas. Mawu anali atatsika.

"Tsiku lomaliza kubwera muno," anatero Enifa. "Anandituma madzi. Ndinawapeza akumanga mabawuti, akupuma movutika. Anati akuchotsa fumbi."

Andrew anachotsa chala pa batani. Anabweza nambala ija pamene Gideoni anaisiya. Mafani anatsitsa mawu. Kufiira kunachoka.

"Nanga Jonathan?" Dorcas anayesa.

"Ndimuimbira. Mawa chivundikirochi ndipita nacho kwa akuluakulu. Awerenge okha."

Dorcas anayang'ana malembawo nthawi yaitali. Anatsegula chikwama, n'kutulutsa kansalu. Anapukuta misozi.

Andrew anagwada, n'kufufuza pansi pa tebulo. Anakapeza kabawuti kaja. Anakaika m'dzanja la Enifa.

Pa bowo lolowera mphepo la kompyutayo panali kachidutswa ka neti ya udzudzu, komwe Gideoni anasokerera kuti kazitchinga fumbi. Kanali katapendekeka. Enifa anakawongola ndi chala.