Mayi Wowotcherera Mageti Atchula Malipiro Ake

Mayi a mapasa anali atawotcherera mageti ndi mafelemu a mawindo kwa zaka zinayi. Lachisanu amayenera kusayina kontrakiti yatsopano. Koma Lachitatu anabwera kunyumba atapsa mtima. Bambo wina amene anamuphunzitsa okha ntchitoyi ankalandira zambiri kuwaposa.

"Wakuuzani ndani?" anafunsa amuna awo.

"Mwini wake, akuseka. Akuti pomulemba ntchito anatchula yekha ndalama. Ine atandifunsa ndinangoti, 'Mmene mwaonera, bwana.'"

Mchemwali wa amuna awo, mlembi wa bungwe la ogwira ntchito, anali atabwera kudzacheza. Anawomba m'manja.

"Alamu, 'mmene mwaonera' siyani pakhomo pano. Ntchito ikafanana, malipiro afanane, kaya mwavala siketi kaya buluku. Sonkhanitsani zithunzi za mageti anu onse. Mukatchula ndalama, tsekani pakamwa. Achimwene, valani jekete, mukhale bwana."

Amuna a mayiwo anakhala pampando, n'kutukumula mimba. "Kampani ilibe ndalama, mayi."

"Pepani, bwana, ndimangoti..."

"Pepani wa chiyani? Mwaba?" anatero mlembi uja. "Yambaninso."

Mapasa anagubuduka pansi ndi kuseka. Kachitatu, mayiwo anatchula ndalamazo n'kuyang'ana amuna awo m'maso osaphethira. Bambowo anavula jekete. "Tengani, tengani! Kampani yomwe tengani!"

Lachisanu mayiwo analowa mu ofesi ya bwana atavala ovolosi yawo yopsa m'mikono. Bwana anawakankhira pepala ndi cholembera, koma sanazigwire. Anaonetsa zithunzi pa foni: mageti, masitepe, denga la galaja.

"Zonsezi ndi manja anga. Anthu awiri ndawaphunzitsa ndine. Ndikufuna malipiro ofanana ndi a mnzanga uja, ndi kena pamwamba ka uphunzitsi."

Anatchula ndalamazo, n'kukhala chete. Lilime linkayabwa, koma sanawonjezere mawu.

Bwana anakanda m'mutu. "Bwanji simunanene kale?"

"Ndanena lero."

"Za uphunzitsi tikambirane pakatha miyezi itatu. Zofananazo ndavomera."

"Zonse ziwiri mulembe m'kontrakitimo, bwana."

Bwana analemba. Mayiwo anawerenga kawiri, kenaka anasayina. Atatuluka pageti anaimbira alamu awo, ndipo nthungululu inamveka msewu wonse.

Amayi, kutchula malipiro oyenera ntchito yanu si mwano. Funsani zimene anzanu amalandira, onetsani zimene mwachita, ndipo musasayine zimene mwagwirizana zisanalembedwe.