Mzinda wa Lachezar

"Usachizimitse chikompyutacho, Momchil. Mkulu wako sanachizimitsepo, iwe ndiwe ndani?"

Anatero gogo Nedyalka, ataima pakhomo la chipinda cha malemu mwana wawo Lachezar. Maliro anali asanazizire. Akalilole onse m'nyumbamo anali ophimbidwa nsalu, ndipo iwo anaphimbanso galasi la kompyuta yakale ya malemuyo, poti nalo limaonetsa nkhope ya munthu. Lisanafike tsiku lopita ndi tirigu wophika kumanda, za wakufa sizisunthidwa, mzimu umabwerabe kudzaona ngati zili m'malo. M'tauni yawo ya Sliven aliyense amazidziwa izi, ngakhale amene amaziseka.

"Amayi, mukumva mmene chikuliriramu? Ngati thirakitala," anatero Momchil. "Chikafa chokha, Zornitsa adzaona chiyani?"

Zornitsa anali mwana wa Lachezar, wokwatiwa ku Germany. Pafoni anapempha chinthu chimodzi chokha: mzinda wa bambo ake. Anali masewera chabe a pakompyuta, akalekale, omanga nyumba ndi kulima minda, koma Lachezar anauyamba mzindawo ali mnyamata n'kuumanga mpaka imvi. Gogoyo sankadziwa kuwerenga zolembedwamo, komabe ankaudziwa. Akabwera ndi khofi ankaima kumbuyo n'kumaona mlatho, tchalitchi, ndi tianthu tosenza madengu tikuyenda mosafulumira.

"Dikira tsiku la tirigu, mwanangu."

"Tsikulo Zornitsa akhala atafika kale. Ndikufuna adzaupeze pa kompyuta yanga yatsopanoyi, ukuwala bwino."

"Zakale zili ndi mayendedwe ake. Ineyo utandikweza njinga yamoto, ndingafike wamoyo?"

"Inu mungafike, amayi, mukuikalipira njingayo njira yonse."

Gogoyo sanaseke. Ankadziwa chimene chinkamufulumiza mwanayo. Ana awo awiriwo anayambana zaka zapitazo, ndipo Lachezar anapita asanalankhulane. Tsopano Momchil ankafuna kumuchitira mkulu wake kanthu kamodzi. Koma chisoni chikalowa m'manja, manjawo amathamanga, ndipo kuthamanga sikufika.

Momchil anachotsa nsalu ija, nazimitsa. Chipinda chinangoti zii, moti gogoyo anadzilemba mtanda. Momchil anamasula tizitsulo, natulutsa kabokosi kosungira zonse, nakalumikiza ku kompyuta yake. Yatsopanoyo inakana.

"Ikuti sikuwadziwa masewerawa."

"Ili ndi nzeru kuposa iwe. Isiye."

"Ndiinamiza kuti nayo ndi yakale."

"Kunama m'nyumba yamaliro! Momchil, iwe Momchil!"

Anadina, nadinanso, mpaka mzindawo unatulukira. Momchil anasendera pafupi, milomo ikuwerenga mayina a nyumba. Kenako mawu ake anasintha.

"Amayi, apa palembedwa dzina langa. Anandimangira nyumba, pafupi ndi yake. Ili ndi mpesa."

Gogoyo sanayang'ane nyumbayo. Maso awo anali pa tianthu tija. Tinali titayamba kuthamanga ngati nyerere zothiridwa madzi otentha. Chipale chofewa chinagwa n'kusungunuka, chinagwanso, minda inabiriwira n'kuuma munthu asanaphethire. Masewerawo ankawerenga masiku potsata kupuma kwa makina akale aja, ndipo atsopanowa amapuma mwaliwiro la mphezi.

"Imitsa!"

"Ndikuyesa, amayi!"

Nkhokwe zinatha. Moto unabuka pafupi ndi msika, popanda woulamula kuti uzimitsidwe, n'kudya msewu wonse. Momchil anazula chingwe pakhoma. Koma masewerawo chaka chikatha ankadzisungira okha zimene zachitika, m'kabokosi komwe kaja, pamwamba pa zakale. Kwina kosungira kunalibe. Atayatsanso anapeza mtsinje, mlatho ndi phulusa.

Gogoyo sananene kuti ndinakuuza. Anatola nsalu ija pansi, naikutumula, naphimba galasi lakale lomwe silinkaonetsanso kanthu.

Tsiku la tirigu Zornitsa anabwera. Atachoka kumanda, asanavule n'komwe chikhoto, anafunsa:

"Bambo aang'ono, mzinda uja uli kuti?"

Momchil anamutengera kuchipinda kuja. Mtsikanayo anayang'ana phulusalo nthawi yaitali, nati, "Bambo anga ankandiuza kuti muli sukulu ya dzina langa." Anatuluka kukathandiza agogo ake kugawira anansi tirigu wotsala, ndipo sanafunsenso.

Momchil anadzaphunzira pambuyo pake kuti pali njira yochedwetsera makinawo. Tsopano akaweruka kuntchito amabwera, n'kukhala pampando wa mkulu wake, kumanganso. Amaitana ali komweko:

"Amayi, tchalitchi chinali kumanja kwa mlatho kapena kumanzere?"

"Kumanja."

"Nanga nyumba yanga ija?"

Imeneyo gogoyo saidziwa. Kwa iwo nyumba zonse zinali zofanana, zolembedwa tizilembo tosadziwika. Momchil yekha ndiye anaiona, kamphindi kamodzi, ndipo malo ake sawakumbuka. Wamanga msika, wamanga sukulu, koma imeneyo sanaimange.