Masubedara Awiri, Bere Limodzi

Vuto langa n'lakuti sinditha kusiya chinthu ndisanachimvetse. Akazi anga amati tsiku la maliro anga ndidzadzuka kufunsa adzukulu chifukwa chimene akumbira apa osati apo. Ndinali mlembi wa asilikali a m'chigwa chathu kwa zaka khumi ndi zinayi, onse ankanditcha Munshi, ndipo buku la malamulo a Angerezi ndinkalidziwa kuposa mzungu wotilamulira, Kaputeni Pemberton, amene ankaligwira pokhapokha akafuna kupha ntchentche.

Chaka chimene anakuza gulu lathu, boma linatumiza makalata awiri tsiku limodzi, kukweza anthu awiri kukhala masubedara, aliyense woyang'anira asilikali zana. Wina anali Rahmat Wali, mwana wa nduna yaikulu ya mfumu. Wina anali Bulbul, mwana wa mlimi wa kumtunda. Kwathu mwana wa anthu akuluakulu sayamwa amayi ake, amakamupereka kwa mkazi wina kumudzi, ndipo Rahmat Wali anayamwa kwa amayi a Bulbul. Ubale wa bere sauseweretsa kwathu. Anthu obadwa mimba imodzi amatha kuphana chifukwa cha munda, koma oyamwa bere limodzi ayi.

Ntchito yanga inali yolemba mndandanda wa maudindo, ndipo dzina lokhala pamwamba ndilo linkalamulira gulu lonse Kaputeni akachokapo. Bukulo limati anthu akakwezedwa tsiku limodzi, muone amene anayamba kulowa usilikali. Ndinayang'ana, n'kupeza kuti analowa tsiku limodzi, m'mawa umodzi, atakwera hatchi imodzi. Zikatero, bukulo limati atsogole wamkulu pa kubadwa.

"Ingowafunsa, Munshi," anatero Kaputeni. "Amene angakuuze ndi yemweyo. Zisandidyere nthawi."

Ndinawaitana. Rahmat Wali anaseka. "Ndani ankawerenga masiku? Tonse ndife a chaka chimene madzi anakokolola mlatho."

"Wamkulu ndi iyeyu," anatero Bulbul, mofulumira kwambiri.

Kufulumirako n'kumene kunandilowetsa kachilombo m'mutu. Ndinakhala ndi cholembera m'manja, inki n'kuuma. Ngati Rahmat Wali anabadwa poyamba, mayi wa kumudziyo mkaka anautenga kuti? Mkazi sakhala ndi mkaka asanabereke. Kapena panali mwana wina amene anamwalira? Kapena amayi ake enieni anayamba amuyamwitsa miyezi ingapo? Ndinkangofuna kudziwa, basi. Mulungu ndi mboni yanga, ndinalibe mbali.

Madzulo a tsiku lomwelo Bulbul anabwera ku ofesi ndi kathumba ka mabulosi ouma. Anali chimunthu chachitali cholowa pakhomo chowerama, koma anaima patsogolo pa tebulo langa ngati wabwera kudzapepesa.

"A Munshi, lembani iyeyo pamwamba."

"Bukuli likufuna zaka, a Subedara, silikufuna ulemu."

"Bukulo silinadyepo nafe." Anaika kathumbako pa tebulo. "Inu simukumudziwa. Sadzakwiya, sadzakalipa. Adzandichitira sawatcha bwinobwino pamaso pa anthu, ndipo kuyambira pamenepo ndidzakhala ndilibe mbale. Udindo ndili nawo kale, wandikwana. Musandilande munthu."

Ndinagwedeza mutu mwa njira ija ya alembi, yosavomera komanso yosakana. Mabulosiwo ndinadya.

Lachisanu titapemphera ndinabwereka bulu n'kukwera kumtunda, ulendo wa maola anayi. Ndinadziuza kuti ndikukangomva chabe, kulemba ndi nkhani ina. Amayi a Bulbul, a Durdana, ndinawapeza pa denga la nyumba akuyanika zipatso, mayi wamfupi, wa mawu okalipa, wosakonda alendo obwera nthawi ya ntchito. Sanatsike. Ine ndi amene ndinakwera makwerero, mawondo akulira.

"Mwakwera phiri lonseli kudzafunsa zimenezo? Boma latha ntchito eti?"

"Ndimangofuna kudziwa, amayi. Kodi panali mwana wina asanabadwe Bulbul?"

"Panalibe. Woyamba ndi yemweyo." Anapitiriza kutembenuza zipatso. "Anali ndi masiku makumi anayi pamene anthu a nduna anabwera ndi winayo, wa masiku atatu, atamukulunga mu silika. Anati mabere onse awiri ndi a mwana wa nduna, lamanja ndi lamanzere lomwe. Anasiya mayi wina pano kuti aziona ngati ndikumvera."

"Nanga wanuyo?"

"Mbuzi."

Munthu wanzeru akanalekera pomwepo. Ine ndinafunsa ngati Bulbul ankalira.

"Analira masiku asanu ndi anayi, kenako anazolowera. Amazolowera chilichonse ameneyo, ndicho chimandipsetsa mtima." Apa anatembenuka n'kundiyang'ana koyamba. "Mukufunsiranji?"

Ndinawafotokozera za mndandanda, za dzina lapamwamba, ndi zimene mwana wawo anandipempha. Sindinabise kanthu, chifukwa mayi ameneyo sankanamizika.

"Onse ndi anga," anatero. "Rahmat amanditumizira tiyi ndi nsalu chaka chilichonse, amandipsompsona dzanja pamaso pa anthu, sindimudandaula. Koma ngati pepalalo likufuna amene anayamba kubadwa, lembani amene anayamba kubadwa. Kamodzi kokha ayambe ndi wanga."

Potsika phiri ndinali ndi mapempho awiri, la mwana ndi la mayi, ndipo ndikanakonda kunena kuti ndinawayeza n'kusankha. Bodza. Chimene chinandiyabwa chinali chakuti ndapeza yankho limene mzungu sanaliganize, ndipo yankho loterolo silikhala m'kamwa mwanga. Loweruka m'mawa ndinali kale mu ofesi ya Kaputeni, kumufotokozera za mkaka.

Anakondwa ngati ndamupatsa mphatso. Anatulutsa kabuku kake kamene ankalembamo miyambo yathu, n'kundifunsa ngati mbuziyo nayonso imakhala mbale wawo. Ndinaseka naye, manyazi ndimawamva mpaka lero. Kenako anati, "Lamulo ndi lamulo. Lemba Bulbul." Ndinalemba ndi dzanja langa labwino lija, iye n'kusaina osawerenga.

Mndandanda anauwerenga pa perete wa Lolemba. Palibe amene anatsokomola. Asilikali onse ankadziwa kale amene anali wamkulu, chigwa chonse chinkadziwa kuyambira kale, kungoti panalibe amene anali ataganizapo zokazinena mokweza. Chitsiru chinali chimodzi, cha inki ku zala.

Patapita masiku khumi Kaputeni ananyamuka kukayendera linga la kumalire, gulu n'kutsala m'manja mwa Bulbul. M'mawa mwake ndinaima pakhonde la ofesi kuti ndione, poti kuona sindilephera. Rahmat Wali anabwera pa hatchi yake yotuwa, anaima mtunda umene buku limanena, n'kuchita sawatcha yowongoka imene sindinaionepo. Ananena kuti asilikali ake onse alipo, kupatula awiri amene ali ku chipatala. Bulbul anayankha, koma mawu ake sanafike pakhonde.

Perete atatha, Rahmat Wali analunjika ku khola la mahatchi. Bulbul anathamangira komweko, monga ankachitira chiyambire ali ana, kuti akagwire chingwe cha hatchi mbale wake azitsika. Dzanja lake linali litafika kale pa chingwecho.

"Malamulo salola wamkulu kugwirira wamng'ono hatchi, bwana," anatero Rahmat Wali, mwaulemu wonse. "Afunseni a Munshi, akuuzani ndime yake."

Anakodola msilikali wina, amene anabwera n'kudzagwira chingwecho. Rahmat Wali anatsika, anachitanso sawatcha, n'kumapita.

Ndime imeneyo m'bukumo mulibe, ndinaifufuza tsamba ndi tsamba. Bulbul anaima pomwepo mpaka bwalo linatsala lopanda munthu. Podutsa pakhonde langa sanandikalipire, anangofunsa ngati pali mapepala oti asaine. Analipo atatu, ndipo ndinamuonetsa poika dzina.