Phulusa ndi Mandimu

Ntchito yanga yeniyeni ndi yokonza mawotchi, koma mu Kumasi muno palibe amene amandidziwira zimenezo. Mukafika kumalo a malonda ku Adum n'kufunsa za Amoateng, adzakuuzani kuti, "Mdala wa mamendulo uja? Pitani kuseri kwa osula golide." Ndakhala ndikutolera mamendulo a asilikali kwa zaka zoposa makumi atatu, ndipo ambiri ndinachita kuwalanda m'manja mwa Sarpong, mnansi wanga wosula golide, amene akaona mendulo ya siliva amangoona ndolo. Munthu ameneyu akhoza kusungunula ngakhale mano a mayi ake.

Mundipatse mendulo nditatsinzina, ndikuuzani ngati ili yeniyeni kapena yachinyengo. Ndimadziwa mmene zilembo zozungulira mutu wa mfumu ya azungu zinasinthira nkhondo yachiwiri ya dziko lonse itatha. Ndimasiyanitsa kaliboni kakalekale ndi kamene telala wasoka dzana. Ndinkadzitama nazo zimenezi, sindibisa.

Mayi Ayampoka anafika Lachiwiri m'mawa, fumbi la msewu wochokera kumpoto, ku Bolgatanga, likadali mbuu m'mapazi. Anali mayi wamtali, wowonda, wa zaka zopitirira makumi asanu ndi limodzi.

"Kodi ndinu bambo amene mumawerenga zitsulo za asilikali?"

"Ndi yemweyo, mayi," anayankhira pakhomo pake Sarpong. "Amachita kuzipembedza. Mukatopa naye mubwere kuno ndikusulireni mphete."

"Tseka pakamwa, fisi iwe!" ndinatero. "Khalani pansi, mayi. Musamumvere uyu, anagwa pamsana ali khanda."

Anakhala pa benchi, ndinawapatsa madzi, ndipo anayamba kufotokoza. Bambo awo, a Abugre, anathawa kwawo atakangana ndi makolo pa nkhani ya ng'ombe, n'kukalembetsa usilikali ku Tamale. Pamenepo n'kuti mayi Ayampoka ali m'mimba. Nkhondo itatha kunabwera msilikali wina ndi mendulo, n'kunena kuti mnzakeyo anafera ku Burma. Anamwa madzi n'kumapita, osatchula malo amene anamuika.

"Maliro a bambo anga sanathe mpaka lero," anatero. "Akuluakulu a kwathu akuti pakapezeka dothi la pamanda awo, ngakhale lodzaza dzanja limodzi, tidzaliika pambali pa mayi anga, basi alowe kwawo. Tsono mwana wanga Nsobila amagwira ntchito m'sitima ya katundu. Waimba foni kuti pakatha masabata atatu sitima yawo ikaima kumeneko tsiku limodzi. Limodzi lokha, bambo. Akuti ndimuuze manda ake."

Ndinawafunsa dzina limene bambo awo analembetsa. Anandiyang'ana modabwa n'kubwereza kuti Abugre. Ndinadziwiratu kuti tili pamavuto. Makalaliki a asilikali masiku amenewo sankavutika ndi mayina a anthu akumpoto. Ankalemba dzina loyamba mmene alimvera, kenaka mtundu wa munthuyo n'kukhala dzina la bambo. Choncho m'mabuku muli anthu osawerengeka olembedwa kuti Frafra, womwe ndi mtundu wa mayi ajawa. Ndipo wothawa kwawo sankapereka dzina lake lenileni, kuopa kulondoledwa. Chimene sichinama ndi nambala ya usilikali, imene ankaidinda m'mphepete mwa mendulo ngati imeneyi.

Anamasula mfundo ya pansonga ya chitenje chawo n'kuika mendulo pathebulo. Mtima wanga unangoti zii. Inali mendulo yopatsidwa kwa olimba mtima pankhondo, yasiliva, yeniyeni ndithu, koma inkawala ngati yatuluka lero kosula. Nkhope ya mfumu inali itaphwatalala ngati sopo wotsala pang'ono kutha, mphuno palibe, makutu palibe.

Ndinaika kagalasi kanga ka mawotchi padiso n'kuitembenuza cham'mbali. Ndinaona manambala atatu oyambirira, 3, 1 ndi 6. Kutsogolo kwake kunali see, kopanda ngakhale kachikanda. Ndinazungulira mpaka ndinapeza zilembo zitatu zofooka za dzina lakuti Frafra. Dzina loyamba linali litapita lonse.

"Mwaona chiyani, bambo?"

"Mubwere Lachisanu," ndinatero.

Masiku atatu amenewo sindinakhudze wotchi ya munthu. Ndinadetsa m'mphepetemo ndi mwaye wa kandulo kuti mwina timaenje totsala tionekere. Ndinakanikiza pepala n'kukhwekhweza pensulo. Ndinaima nayo pakhomo dzuwa likamatuluka kuti kuwala kugwere cham'mbali, mpaka Sarpong anafunsa ngati ndayamba kuombeza. Kenaka ndinatsegula mabuku anga awiri amene ndinakopera pamanja zaka zambiri zapitazo, lina la amene analandira mendulo imeneyi, lina la manda. A Frafra olandira mendulo ndinapeza khumi ndi mmodzi. Mwa iwo, amene sanabwerere anali anayi. Mwa anayiwo, a nambala yoyamba ndi 316 anali awiri, Musa ndi Salifu, ndipo zikuoneka kuti analembetsa sabata imodzi. Musa anaikidwa m'manda aakulu pafupi ndi doko limene sitima ya Nsobila ikaime. Salifu anaikidwa kutali, m'dziko lina loyandikana ndi Burma.

Kuchokera pa anthu mazanamazana ndinafika pa awiri, ndipo pamenepo nzeru zanga zonse zinathera. Ndinakwiya, koma ndinasowa womukwiyira.

Lachisanu mayi aja anabwera atanditengera mafuta odzola a mtedza wa sheya m'kachitini. Ndinawafotokozera zonse pang'onopang'ono. Anamvetsera manja ali pamaondo.

"Ndiye Nsobila atenge dothi la wapafupiyo?" anafunsa. Ndisanayankhe anadziyankha okha. "Nanga akakhala kuti si iwo? Ndigoneke mwamuna wachilendo pambali pa mayi anga? Mayi amene anakana amuna anayi podikira mwamuna wawo?" Anapukusa mutu. "Sankhani inu, bambo. Inu ndi amene mumadziwa zitsulozi."

Sarpong, amene makutu ake amalowa pakhoma, anandikodola. Nditatuluka anandinong'oneza, ndipo ulendo uno sankaseka.

"Achimwene, ingowauzani kuti ndi wapafupiyo. Dothi ndi dothi. Adzakutsutsani ndani? Mayiwa apite kwawo mtima uli m'malo."

Kunena zoona, ndinafunitsitsa kutero. Ndinabwerera m'kati mawuwo ali kale pakamwa. Koma nditaona mmene mayi aja ankandiyang'anira, monga munthu woti chimene ndinene akachitadi, ndinawameza mawuwo. Musa uja mwina ali ndi ana ake kwinakwake amene akumufunanso.

"Sindingathe, mayi," ndinatero. "Manambala awiri omalizirawo ndi amene akanatiuza, ndipo palibe. Mundikhululukire."

Kunja anthu ogulitsa nthochi zokazinga ankaitanira malonda ngati palibe chachitika. Mayi aja anatenga mendulo ija n'kuyendetsa chala m'mphepete.

"Koma zinalipo," anatero. "Ndili mwana ndinkazimva ndi chikhadabo, timaenjemaenje kuzungulira konseku. Kungoti kwathu kunalibe wodziwa kuwerenga, tinkayesa ndi zokongoletsa. Mayi anga ankaitsuka Lachisanu lililonse ndi phulusa ndi mandimu, ankati mwamuna wawo asaoneke ngati wopanda abale. Atamwalira ndinapitiriza ine, sindinadumphitsepo sabata. Pobwera kuno ndinaikwecha m'mawa wonse ndi mchenga wosalala, kuti ndisawachititse manyazi pamaso panu." Anadzutsa mutu. "Azunguwo analemba mosakanikiza, eti bambo?"

Ine ndine munthu amene ndinakalipirapo mkulu wa asilikali wopuma ntchito, anthu akuona, chifukwa chopukuta mendulo ndi mankhwala. Sarpong amadziwa mmene ndimalusira pa nkhani imeneyi, ndipo ndinamuona ataima pakhomo, atagwira mpweya. Ndinawerengera mumtima ma Lachisanu a zaka makumi asanu ndi limodzi, manja a amayi awiri. Ndinaganizanso za mchenga wa m'mawa umodzi uja, ndipo mpaka lero sindifuna kudziwa chimene unachotsa.

"Eee, mayi," ndinatero. "Analemba mosakanikiza. Zambiri zimafufutika choncho."

Anagwedeza mutu ngati ndawatula kamtolo kamodzi mwa mitolo yambiri. Anati akamuuza Nsobila kuti asavutike kutsika m'sitima. Ndinawalembera mayina awiri aja papepala, ngakhale tonse tinkadziwa kuti pepalalo silikathandiza kanthu. Ndinafuna kuwabwezera mafuta awo, anakana.

Ataimirira kuti amange mendulo ija m'chitenje, anaiyang'anitsitsa n'kuchita tsinya. Munali mwaye wa kandulo yanga m'mphepete, ndi zidindo za zala zanga pankhope ya mfumu.

"Mwawadetsa bambo anga," anatero mofatsa, osati mokalipa. "Ndipo lero ndi Lachisanu."

Ananyowetsa nsonga ya chitenje ndi malovu n'kuyamba kupukuta, mwamphamvu, pomwe panali manambala atatu otsala aja. Dzanja langa linanyamuka lokha kuti liwaletse. Linafika pakati, ndipo ndinalibweza pathebulo.