Kwanu Ndi Kuti, a Fackson?

Kalembera wa chisankho cha 2004 atayamba, m'nyumba ya a Fackson, kumalayini a esiteti ina ya tiyi ku Thyolo, munabuka mkangano. Mwana wawo Tisungane anali atakwanitsa zaka 18 ndipo ankafuna kukalembetsa. Bambo akewo anakanitsitsa kwamtuwagalu.

"Akakakufunsa kuti kwanu ndi kuti, ukayankha chiyani?" anatero a Fackson. "Mudzi tilibe, mfumu tilibe. Ife mfumu yathu ndi kapitawo."

A Fackson anabadwira pa esiteti pomwepo. Makolo awo anachokera ku Mozambiki kudzathyola tiyi, ndipo sanabwererenso. Bambowa sankaopa mvula, njoka za m'munda ngakhale manijala, koma kafunso koti "kwanu ndi kuti" kankawagwetsa ulesi. Pa Khirisimasi anzawo akamapita kumudzi, ena ku Goliati, ena ku Thekerani, iwo ankatsala akusesa pakhomo pa nyumba ya kampani.

Tisungane anakadandaula kwa mayi Leah, mphunzitsi wa pasukulu ya pa esiteti, amene ankathandizanso pa kalemberayo. Ataweruka, mayi Leah anabwera ndipo anapeza a Fackson akusoka dengu lothyolera tiyi.

"Bambo a Tisungane, ndamva kuti mwamuletsa mwana."

"Ndikumuteteza, aphunzitsi. Akangodziwa kuti agogo ake anali akutsidya, atithamangitsa tonse. Ku Mozambikiko tikafikira kwa ndani? Ine ndi njira yomwe sindiidziwa."

"Inuyo munabadwira kuti?"

"Layini ya kuseri kwa fakitaleyo."

"Nanga fakitaleyo ili ku Mozambiki?"

A Fackson anaseka pang'ono, mosafuna.

"Lamulo limati munthu alembetse komwe anabadwira, komwe amakhala kapena komwe amagwira ntchito," anatero mayi Leah. "Inu zonse zitatuzo ndi pompano. Ngakhale mlendo weniweni, akakhala m'dziko muno zaka zisanu ndi ziwiri, amaloledwa kuvota. Mutenge khadi lanu lantchito, apo ayi mnzanu wolembetsa kale akakuchitireni umboni. Palibe amene akathamangitsidwe."

A Fackson anasiya kusoka. Mtima unathamangira kwa amayi awo, a Anesi. Mu 1994 gogoyo anadzuka m'mawa, navala chitenje cha kutchalitchi kuti akalembetse. Ankati, "Tiyi wa dziko lino wandipinda msana, ndikasankhe nawo." A Fackson anaima pakhomo n'kuwabweza ndi mawu omwewa. Mu 1999 anateronso. A Anesi anamwalira asanavotepo n'kamodzi komwe.

"Ndiye kuti amayi anga akanavota," anatero a Fackson. "Si boma linawakaniza ayi. Ndinawabweza ndine."

"Zimenezo sizingabwerere, ndipo zikupwetekani ndithu," anayankha mayi Leah. "Koma mwanayu musamubweze."

M'mawa mwake, atapereka tiyi pasikelo, a Fackson anapita kusukulu ndi Tisungane. Mlembi anafunsa komwe amakhala.

"Pompano," anatero a Fackson.

Mlembiyo analemba osadzutsa n'komwe mutu, n'kuitana wina. Basi, zonse zinathera pomwepo. Kuphweka kwakeko n'kumene kunawawawa kwambiri a Fackson.

Sabata imeneyo anazungulira malayini onse, kuuza anzawo amene ankabisala monga iwo. Ambiri anakalembetsa. Tsiku lachisankho bambo ndi mwana anaima pamzere umodzi, ndipo onse anatuluka ndi inki pachala. Tisungane ankaseka. Bambo ake anayesa kuseka nawo, koma misozi inawapambana.

Owerenga, komwe mumakhala ndi kugwira ntchito ndi kwanu, kaya ndi kumudzi kaya ndi kumalayini. Ngati mukukayika za ufulu wanu wovota, funsani odziwa nthawi ikadalipo. Musadzibweze nokha chifukwa cha mantha, ndipo musabweze wina, chifukwa ena sadzaufikira mzere wotsatira.